Chala Chisanadinde: Ntchito ya Loya ndi Ife a M'malokeshoni

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

MUULUTSI:  Lero tikamba za maloya ndi zimene zimachitika m'maofesi mwawo. Ambirife chithunzi cha loya tinachitenga pa wailesi pomwe pano. Kuyambira mu Ogasiti 2019, mlandu wa chisankho cha pulezidenti unkaulutsidwa, womasulira akutembenuzira m'Chichewa, mpaka pa 3 Febuluwale 2020 pamene majaji asanu anawerenga chigamulo chawo kuyambira m'mawa mpaka mdima. M'mabarbashopu, m'mabawo, m'minibasi, aliyense anasanduka katswiri wa malamulo, ndipo mayina ngati Modecai Msisha, Chikosa Silungwe ndi Kalekeni Kaphale ankatchulidwa ngati osewera a Bullets ndi Wanderers. Chithunzi chimene chinatsala m'mitu mwathu ndi cha munthu wa mkanjo wakuda amene akupanikiza mboni ndi mafunso mpaka thukuta kamukamu. Chithunzicho si chabodza, koma chatipweteka. Chatiphunzitsa kuti loya ndi wa m'khoti basi, woti timufune zinthu zikafika poipa. Mfundo yanga lero ndi yakuti ntchito yaikulu ya loya, komanso yotchipa kwambiri kwa munthu wa m'lokeshoni, imachitikira m'chipinda, pa tebulo, chala chisanadinde pa pepala. Ife timafika mochedwa, ndiye timalipira zambiri n'kupindula zochepa.

Mukamayenda mu Victoria Avenue, mu Haile Selassie, ku Ginnery Corner kapena ku Limbe, mumaona zikwangwani za maloya, ndipo pa zina pamalembedwa mawu akuti Chambers. Ngakhale ofesi ya mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo imatchedwa choncho. Mawuwa tanthauzo lake ndi zipinda, ndipo anachokera ku England, kumene ntchito ya uloya inagawidwa pawiri kalekale. Kumeneko kuli solicitor, amene amalandira munthu, kumva nkhani yake ndi kukonza mapepala, ndiye kuli barrister, katswiri wolankhula pamaso pa jaji ndi wopereka maganizo pa nkhani zovuta. Barrister aliyense amalowa ntchitoyi kudzera m'limodzi mwa mabungwe anayi akale a mu London: Lincoln's Inn, Gray's Inn, Inner Temple ndi Middle Temple. Kawirikawiri akayamba ntchito sakhala wolembedwa ndi bwana. Amadziimira yekha, koma amasonkhana ndi anzake m'nyumba imodzi, kugawana lendi, mabuku ndi akalaliki. Kalaliki ndiye amalandira milandu, kuona loya woyenera, kukambirana mtengo ndi kusunga kalendala ya ku khoti. Nyumba yotereyi ndiyo chambers. Poti aliyense ndi wodziimira, zimatheka maloya awiri a chitseko chimodzi kukakumana ku khoti, wina mbali ya wodandaula, wina mbali ya wodandaulidwa, madzulo n'kumwera tiyi ketulo imodzi. Ku South Africa nakonso kuli magulu awiri otere, ndipo abale athu a ku Joni amene anagwapo m'milandu amadziwa kuti matumba olipira amakhala awiri.

Kuno kwathu, monganso ku Zambia, ntchito ziwirizi zili m'manja mwa munthu mmodzi. Amene wakulandirani pa ofesi ndi yemweyo angathe kuvala mkanjo kukakuimirirani ku High Court pa Chichiri. Amalawi oyamba kuphunzira uloya ankapita ku England komweko: Orton Chirwa anavomerezedwa ku Lincoln's Inn mu 1958, ndipo mkazi wake Vera Chirwa anatsatira mu 1966, kukhala loya woyamba wamkazi wa dziko lino. Kenako maphunziro a malamulo anayamba konkuno, poyamba ku Mpemba, asanasamukire ku Chancellor College ku Zomba mu 1973. Lero munthu akatenga digiri yake ayenera kuvomerezedwa ndi khoti, kukhala membala wa Malawi Law Society, ndi kutenga laisensi imene imakonzedwanso chaka ndi chaka. Ena amene atumikira nthawi yaitali mwaluso amapatsidwa ulemu wa Senior Counsel, ndiwo aja mumaona SC kumapeto kwa dzina. Kuphatikiza ntchito ziwiri mwa munthu mmodzi kuli ndi ubwino wake kwa wosauka, chifukwa khomo logogoda ndi limodzi. Koma kwabisanso kanthu. Poti loya wathu timamuonera pa mkanjo, theka lina la ntchito yake, la m'chipinda lija, ambiri sitilidziwa n'komwe kuti liliko ndipo limagulidwa palokha.

Tiyeni tilowe m'chipindamo. Tiyerekeze mayi wa ku Bangwe amene bambo akunyumba anamwalira miyezi itatu yapitayo. Walowa ndi jumbo ya mapepala: kalata ya imfa, malisiti a simenti ofufuma ndi chinyezi, kope la sukulu momwe malemu ankalemba ngongole, kalata ya kuntchito, ndi kapepala kolembedwa pamanja kamene alamu ake akuti asainire kuti nyumba igulitsidwe ndalama zigawidwe. Mayiyu akufuna kuyamba ndi mmene apongozi anamunyozera pa maliro, ndipo loya wabwino amamulola alire kaye. Kenako amayamba mafunso ooneka ngati ouma. Munakwatirana liti, ndipo ankhoswe alipo? Ana ndi angati, ndipo alipo ena a kunja? Puloti ili m'dzina la ndani? Malemu anasiya wilo? Mwasainapo kale chilichonse? Akufunsa akusanja mapepala aja motsata masiku, ena akuwaika pambali poti alibe ntchito, kenako amanyamula kamodzi n'kunena kuti, mayi, aka musakataye ndipo musakapereke kwa wina aliyense. Pomaliza amamuuza zinthu zitatu: chimene lamulo likunena, chimene umboni wake ungathe kutsimikiza, ndi njira yotchipa yofikira kumene akufuna. Mwina njirayo ndi kalata imodzi yopita kwa alamu aja, mwina ndi ulendo wa ku ofesi ya Administrator General kapena kwa DC. Ola limodzi latha, khoti silinatchulidwe, koma nyumba ya ana yapulumuka. Ndipo zonse zimene mayiyu waulula m'chipindamo ndi chinsinsi chimene lamulo limateteza, kotero kuti loya sangakazinene kwa alamu, kwa apolisi, ngakhale kwa jaji, popanda chilolezo cha mwini nkhani.

Nkhani ya malo ndiyo imaonetsa bwino kusiyana kwa kufika msanga ndi kufika mochedwa. Mu mzinda wa Blantyre malo ambiri ali m'manja mwa eni atatu: khonsolo ya mzinda, Malawi Housing Corporation, ndi unduna wa za malo. Munthu amasunga ndalama zaka zisanu, mwina za ku banki m'khonde, mwina zotumiza mwana wa ku Joni, n'kupeza puloti ku Machinjiri. Wogulitsa akumuonetsa malire ndi phazi, apa mpaka pa mtengo wa mango uwo, mboni ndi anyamata awiri amene apatsidwa ya fanta, ndipo pepala ndi la m'kope lokhala ndi chidindo cha mfumu. Mfumuyo ikhoza kukhala yoona mtima, koma chidindo chake sichisintha dzina limene lili m'kaundula wa mwini malo weniweni. Loya akanafunsidwa ndalama zisanatuluke, akanapita kukafufuza m'kaundula, kuona ngati wogulitsayo ndi mwini wake, ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki, ngati si a masiye amene ana ena sakudziwa kuti akugulitsidwa, ngati sali mumsewu kapena pansi pa mawaya a ESCOM. Akanalemba mgwirizano wonena kuti ndalama yomaliza iperekedwa dzina likasintha. Ntchito imeneyi ndi ya masiku ochepa. Koma wogula amafika kwa loya nyumba ili pa lintala, munthu wachitatu atatulukira ndi mapepala a boma ndi chiletso cha khoti m'manja. Apo tsopano mpamene pamafunika mkanjo, ndipo mlandu wa malo ukhoza kudya zaka, njerwa zikumera ndere.

Makolo anati mlandu suola, ndipo pabwalo la kumudzi mawuwa ndi oona. Koma ku khoti, pa milandu yofuna chipukutamisozi kapena kubweza ngongole, mlandu umaola ndithu, ndipo lamulo linaika tsiku lake. Munthu amene wavulazidwa chifukwa cha kusasamala kwa wina, kaya wagundidwa ndi minibasi mumsewu wa Masauko Chipembere, ali ndi zaka 3 zoti akasume. Pa ngongole ndi kuphwanya mgwirizano ndi zaka 6, pa kulanditsa malo ndi zaka 12. Zaka zitatu zimaoneka zambiri mpaka mutaziwerenga mmene zimathera: miyezi ili m'chipatala, miyezi ina mwini galimoto akulonjeza kuti tikambirana ngati anthu, chaka china mukudikira m'bale wodziwa Chingerezi. Chonsecho lamulo la pamsewu limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshulansi yolipira anthu amene yawavulaza, ndipo chimene chimafunika ndi lipoti la apolisi, lipoti la dokotala, nambala ya galimoto ndi dzina la kampani ya inshulansi. Pali pepala lina limene ndikufuna mulikumbukire. Wovulala akapatsidwa kangachepe, kawirikawiri amauzidwa kuti asaine posonyeza kuti walandira. Nthawi zambiri m'pepalamo mumakhala mawu akuti nkhani yathera pomwepo ndipo sadzafunanso kanthu. Mwendo ukadzayamba kuvuta patapita chaka, pepala lija limakhala likudikira mu fayilo, chala chanu chili pompo.

Za wilo ndingodutsa mwachangu, poti tinazolowera kuti kulemba wilo n'kudziitanira imfa, ngati kuti osalemba sakufa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye linakusandutsa mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo. Wilo imafuna kulembedwa, kusainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri, mbonizo n'kusainanso. Mutha kulemba nokha m'Chichewa. Chimene loya amawonjezera ndi kutseka mipata imene abale amadzalowera, monga nyumba imene simunaitchule bwino kapena mwana amene munamuiwala.

Koma pamene kuchedwa kumapweteka koposa ndi pa polisi. Malamulo oyendetsera dziko a 1994, mu gawo 42, amanena momveka kuti womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, kuti ali ndi ufulu wokhala chete, kuti alankhule mwachinsinsi ndi loya amene wamusankha, ndipo kuti afikitsidwe ku khoti pasanathe maola 48. Belo ya pa polisi ndi yaulere. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu, mmene anakonzedwera mu 2010, anaikanso malire a nthawi imene munthu angakhale pa rimandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu ngati ya kupha, pokhapokha khoti litawonjezera. Izi zili pa pepala. Tsono taganizani mnyamata wa ku Ndirande amene wagona m'chitokosi usiku uwiri, njala ili m'mimba, wina n'kumunong'oneza kuti ungovomera, akakupatsa ka faindi uzipita. Ku khoti zonse zikuyenda m'Chingerezi, womasulira akufunsa kuti ukuvomera kapena ukukana, iye n'kuti ndikuvomera, akutanthauza kuti akuvomera kuti analipo pamalopo. Woimira boma pa mlandu ndi wapolisi amene wachita ntchitoyi zaka zambiri, pamene mnyamatayu ndi tsiku lake loyamba. Mphindi khumi zokha ndi munthu wodziwa malamulo asanalowe m'khotimo zikanamuuza kusiyana kwa kuvomera kuti unalipo ndi kuvomera mlandu. Abale amayamba kusonkherana ya loya mnyamata ali kale ku ndende ya Chichiri akugwira ukaidi, ndipo apilo ndi yodula komanso yotenga nthawi kuposa malangizo aja.

(Nyimbo pang'ono)

MUULUTSI: Ndikudziwa kuti wina pa Chinseu wayankha kale wailesi yake: zonsezo n'zabwino, bambo, koma ndalama ya loya ndiitenga kuti, pamene ya ufa ikundivuta? Funsoli ndi lachilungamo ndipo sindilizemba. Maloya okhala ndi laisensi m'dziko muno ndi mazana angapo chabe, pamene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni, ndipo mzinda wa Blantyre wokha unali ndi anthu pafupifupi 800,000. Chinthu chosowa chimadula. Komabe pali ziwiri zoti tiziganizire. Choyamba, mtengo umene umatiopsa ndi wa mlandu wa m'khoti, wa maulendo ambirimbiri ndi mapepala osatha. Kufunsa malangizo, kuwerengetsa mgwirizano, kulembetsa kalata, ndi ntchito zina ndipo mtengo wake ndi wina, ndipo palibe cholakwika kufunsa kwa kalaliki wa pakhomo kuti kungoonana ndi loya ndi zingati musanakhale pampando. Chachiwiri, makomo aulere alipo. Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 n'kuyamba kugwira ntchito payokha mu 2015, ili ndi ofesi mu Blantyre muno, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza amene sangakwanitse kulipira, ngakhale ena amapemphedwa kusonkhako pang'ono malinga ndi mapezedwe awo. Lamulo la maloya la 2018 limafuna kuti loya aliyense azigwirako ntchito yaulere chaka chilichonse. Alangizi a zamalamulo a PASI akhala akulowa m'ndende, m'mapolisi ndi m'makhoti kuyambira 2000, kuphunzitsa a pa rimandi mmene angapemphere belo okha. Pali bungwe loona za ufulu wa anthu la CHREAA, pali bungwe la maloya aakazi la Women Lawyers Association, limene mu 2020 linapambanira amayi 18 a ku Msundwe ndi madera oyandikana nawo mlandu wa chipukutamisozi. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo amayambira ku ofesi ya leba, ndipo wolakwiridwa ndi ofesi ya boma ali ndi Ombudsman, kopanda kulipira. Sindikunena kuti makomowa ndi okwanira. Mizere ndi yaitali, loya mmodzi wa boma amasenza mafayilo ochuluka, ndipo n'chifukwa chake mu 2021 panabuka mtsutso pamene Legal Aid Bureau inapempha kuti alangizi ake aziloledwa kuimirira anthu m'makhoti ang'onoang'ono, Malawi Law Society n'kukana. Ine ndikuona kuti munthu amene akuzengedwa yekhayekha kwa majisitireti sangamvetse chifukwa chomukanizira thandizo la mlangizi wophunzira pamene loya kulibeko. Koma ngakhale mzere utalike, amene waima pamzerewo asanasaine ali pabwino kuposa amene wafika atasaina.

Kutsutsa kwachiwiri ndi kozama, ndipo kumamveka kwambiri m'malokeshoni momwe anthu atopa ndi kuthyoleredwa nyumba. Amati maloya ndi oikira kumbuyo mbava: tamugwira ndi katundu m'manja, mawa tikumuona akuyenda pamsika, loya wamutulutsa. Mkwiyo umenewu ndi umene umafikitsa anthu pa tayala ndi petulo. Ku England kuja kuli lamulo lakuti barrister asakane mlandu wa m'gawo lake chifukwa chodana ndi munthuyo kapena chimene akumuganizira, monga mmene wa takisi pa siteji amanyamulira aliyense amene wafika. Anthu ambiri amadabwa nalo lamuloli. Koma ife a Blantyre sitifunika kupita ku London kuti timvetse, chifukwa mzinda uno unayesapo kale kukhala ndi makhoti opanda maloya, ndipo zinayambira pafupi pomwepa, ku Chilobwe. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu pafupifupi 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo m'malokeshoni a mzinda uno. Mantha anali ponseponse, mphekesera za opopa magazi zili m'kamwam'kamwa. Mu 1969 anthu asanu anazengedwa ku High Court pa imodzi mwa imfazo, ndipo anamasulidwa chifukwa umboni unali wosakwanira. Anthu anakwiya, boma la Dr Banda linakwiya, ndipo mawu anali omwewa amene timamva lero, akuti malamulo a azungu akutulutsa zigawenga. Nyumba ya malamulo inapatsa makhoti a Traditional Court mphamvu yozenga milandu ya kupha ndi kugamula kuti munthu anyongedwe, majaji anayi a ku Britain a ku High Court anatula pansi udindo, ndipo m'makhoti atsopanowo loya sankaloledwa kuimirira woimbidwa mlandu. Pambuyo pake amene anapezeka wolakwa pa imfa za ku Chilobwe anali munthu wina, osati mmodzi mwa asanu aja.

Khoti limene linakonzedwera achiwembu silinathere pa achiwembu. Mu 1976 linapatsidwanso milandu youkira boma, ndipo chaka chotsatira Albert Muwalo, amene anali mlembi wamkulu wa chipani cholamula, anazengedwa komweko n'kunyongedwa. Kenako linafika pa Orton Chirwa mwini wake, loya woyamba uja, amene anakhalapo nduna ya zachilungamo. Iye ndi Vera anagwidwa mu Disembala 1981, anazengedwa ku Traditional Court ya chigawo cha kummwera ku Soche, mtunda woyenda wapansi kuchokera ku Zingwangwa, opanda loya wowaimirira, ndipo mu Meyi 1983 anagamulidwa kuti aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, Vera anatuluka mu Januwale 1993. Tangoganizani, anthu awiri odziwa malamulo kuposa ambiri m'dziko muno, ataima m'bokosi, nzeru zawo zosawapulumutsa chifukwa bwalolo silinkafuna kumva mbali yachiwiri. Amene analemba gawo 42 mu 1994 ankakumbukira zimenezi. Loya akamafunsa wapolisi kuti katunduyu munamupeza kuti, ndani anaona, bwanji mwamusunga masiku asanu, ndiye kuti akugwira ntchito imene inasowa ku Soche. Inde, nthawi zina wolakwa amapulumukira pa mpata umene apolisi anasiya, ndipo zimawawa. Mankhwala ake ndi kufufuza bwino ndi mboni zolimba mtima kubwera ku khoti, poti milandu yambiri imagwa chifukwa ife amene tinaona timakana kukaperekera umboni. Komanso belo si kumasulidwa: munthu mwamuona pamsika uja mlandu wake ukadalipo.

Ndipo tisaiwale amene maloya omwewa anawatulutsa. Mu Malichi 2015, m'bandakucha, apolisi anagwira Mayeso Gwanda pa Chichiri akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo. Mlandu wake unali vakabu, lamulo limene mizu yake ili ku England m'chaka cha 1824, limene kwa zaka zambiri linkasesa aliyense woyenda usiku wooneka wosauka: mavenda, alonda opita kuntchito, amayi olawirira kukapikula tomato. Ambiri ankangovomera, kulipira faindi, n'kumapita. Iyeyu anapeza loya, Mandala Mambulasa, mothandizidwa ndi CHREAA ndi Southern Africa Litigation Centre, ndipo mu Januwale 2017 High Court inagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Wogulitsa majumbo anagwetsa lamulo la atsamunda. Chimodzimodzi mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, khoti linathetsa lamulo lakuti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha azingogamulidwa imfa popanda kumva zifukwa zochepetsera chilango, ndipo milandu itaunikidwanso kuyambira 2015, akaidi oposa 100 anabwerera kwawo. 

Kutsutsa kwachitatu ndimakuvomera theka: akuti maloya ena amadya ndalama za anthu. Zimachitika. Nyuzipepala zalembapo kambirimbiri za chipukutamisozi chimene chinatuluka ku inshulansi koma osafika kwa wovulala, ndipo komiti yosungitsa mwambo ya maloya yakhala ikulanga ena, mpaka kuwaimitsa ntchito. Palinso adobadoba amene amazungulira odwala ndi achibale awo ndi mafomu m'manja, akuti tili ndi loya wathu wachangu, ingosainani apa. Koma taonani kuti amene amadyeredwa kwambiri ndi yemwe uja wosafunsa, amene loya wake sanamuonepo nkhope, amene anasaina fomu ali pa bedi. Safunsa anadya phula. Lamulo limafuna kuti ndalama za kasitomala zisungidwe mu akaunti yapadera, yosiyana ndi ya loya. Muli ndi ufulu wodziwa nambala ya mlandu wanu ndi kukafunsa nokha ku kaundula wa khoti kuti uli pati. Muli ndi ufulu wa lisiti pa ndalama iliyonse, wa mgwirizano wolembedwa wonena za malipiro, ndi woona pepala losonyeza ndalama zonse zimene mbali inayo yalipira. Mutha kufunsa ku Malawi Law Society ngati munthuyo ali ndi laisensi ya chaka chino, ndipo mutha kukadandaula komweko. Dokotala wabodza satiletsa kupita kuchipatala, amangotiphunzitsa kuyang'ana chikwangwani.

Otsala ndi amene amati, ife tili ndi ankhoswe, mafumu, mabuloko lida ndi akulu a mpingo, za maloya n'zodanitsa. Apa sindikutsutsa konse. Mkangano wa malire a mpanda, wa madzi a bafa olowera kwa neba, wa banja limene likadafunana, umatha bwino pansi pa mtengo kusiyana ndi ku khoti la Midima. Ngakhale High Court, pa malamulo ake a 2017, imatumiza milandu yambiri ya pakati pa anthu kuti iyambe yakambidwa pamaso pa jaji ngati mkhalapakati isanazengedwe. Loya wabwino naye amakuuzani mosabisa kuti nkhani iyi musapite nayo ku khoti, mungotaya ndalama, bwererani mukagwirizane. Kungoti munthu amagwirizana bwino akadziwa chimene chili chake. Mayi wa ku Bangwe uja akabwerera kubwalo la abale akudziwa kuti lamulo lili kumbali ya ana, akhoza kupatsa apongozi wailesi ndi njinga mwaufulu, mosaopsezedwa. Ndipo pali nkhani zina zimene pansi pa mtengo si malo ake: kugwiririra mwana, nkhanza zovulaza, kulanda nyumba ya masiye. Zimenezo ndi za ku polisi ndi ku khoti, ngakhale akuluakulu atachonderera kuti tisachititsane manyazi.

Tsono mukaganiza zopita, kaya kwa loya wolipira, kaya ku Legal Aid, kaya kwa mlangizi, konzekani kuti ola lanu lisathere pa kufunafuna mapepala m'jumbo. Usiku wake khalani pansi ndi mwana wa sukulu, mulembe pa tsamba limodzi zimene zinachitika motsata masiku. Tengani chitupa cha unzika, mapepala onse ngakhale ooneka opanda pake, mauthenga a pa foni ndi a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza ndalama zimene munatumiza, mayina a mboni ndi kumene zimakhala. Mapepala enieni sungani nokha, kumeneko musiye mafotokope. Munene zonse, ndi zokuchititsani manyazi zomwe, chifukwa chimene mwabisa m'chipinda chimakatulukira m'khoti m'kamwa mwa mbali inayo, loya wanu alibe poyankhira. Ndipo ngati pali pepala limene wina akukukakamizani kuti musaine lero lomwe dzuwa lisanalowe, lipindeni, muliike m'thumba, mumuuze kuti mubwera nalo Lolemba.

(Nyimbo yotsekera)